Mayi wa Jekete Yachikasu pa Kerrin Flat

Mu Melbourne monse munalibe woyendetsa sitima ngati mkulu wanga Noreen, ndipo sindikunena chifukwa tinayamwa bere limodzi. Zaka makumi awiri osafikapo mochedwa! Kutatsala mwezi kuti amuveke mendulo ya kusunga nthawi, zachilendo zinayamba.

Sitima ikatsalira, mabwana ankalamula kuti idumphe timasiteshoni ting'onoting'ono, ikafike nthawi yake. Wokana ankalandira kalata yomuchenjeza, za mendulo n'kuiwalako.

Lolemba, paulendo womaliza wausiku, wailesi inakhosomola. Anali Dessie, wolondolera sitima ku ofesi.

"Mfumukazi, mwatsalira ndi mphindi zitatu. N'tulo kapena ukalamba? Pa Kerrin Flat musaime."

"Wokalamba ndiwe, chidazi iwe," anatero Noreen.

Podutsa pasiteshonipo, pansi pa getsi limodzi lophethiraphethira, anaona mayi wa jekete yachikasu atakweza dzanja. Mphepo ya Julaye inkaweramitsa mabulugamu, koma jekete ija osagwedezeka.

Lachiwiri anauzidwanso kudumpha. Mayi uja anali pomwepo, atasendera kutsogolo. Lachitatu nsonga za nsapato zake zinali m'mphepete mwenimweni.

"Dessie, pa kamera ukuona ndani?" ananong'ona Noreen.

"Benchi ndi bini, mayi. Kagoneni."

M'chipinda chomwera tiyi nkhani inkayenda chamunsimunsi. Akuti chaka chatha namwino wina, sitima yomaliza itamudutsa pa Kerrin Flat, anauyamba wapansi motsata njanji mumdima. Kwawo sanafike. Noreen, munthu wosaopa ngakhale njoka, anasiya kugona, n'kumangozungulira m'nyumba mpaka kucha.

Lachinayi Dessie anati, "Musaime." Getsi lija litaonekera, Noreen anaona mayi uja phazi limodzi lili lende pamwamba pa njanji. Anamanga mabuleki, zitsulo zinalira kwii!

"Noreen, mendulo yako!" anakuwa Dessie.

Noreen anatsegula zitseko. Kunja kunali zii, popanda munthu, kungomveka zitsulo zikuthetheka pozizira. Atadina batani kuti atseke, chitseko choyamba chinafika pakati n'kubwerera, monga chimachitira wina akachigwira. Anadinanso, chinabwereranso. Kachitatu chinatsekeka pang'onopang'ono.

"Chitseko chatani?" anafunsa Dessie.

"Akukwera," anatero Noreen.

Anafika atachedwa ndi mphindi zisanu. Akuyendera mabogi opanda anthu, anapeza mpando umodzi pafupi ndi chitseko chija utanyowa ndi mame, pansi pali masamba a bulugamu.

Kalata inabwera sabata yotsatira, mendulo n'kupita kwa bambo wina amene ngakhale tiyi amamwa mochedwa. Noreen sanadandaule; kwathu sitilirira zitsulo. Mpaka lero amaima pa Kerrin Flat usiku uliwonse, chitseko chija n'kubwerera kawiri, ndipo Dessie, wapakamwa uja, amangokhala chete pa wailesi mpaka chitatsekeka.