Kadontho ndi Njerwa za Utoto Woyera

Kadontho anali mtsikana wamng'ono. Ankakhala ndi amayi ake. Msewu wawo unali wotsetsereka. Nyumba yawo inali kumunsi kwenikweni.

Kadontho ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti asasamuke.

Chaka chatha kunagwa mvula yaikulu. Madzi anatsika ndi msewu. Analowa m'nyumba mwawo osaodira. Ananyowetsa matiresi. Ananyowetsa mabuku. Anatenga nsapato imodzi ya Kadontho. Inayo anaisiya.

Mnzake wa khomo loyandikana anasamuka. Makolo ake anatopa ndi madzi. Pachitseko pawo panatsala loko. Lokoyo anachita dzimbiri.

Amayi anaika chikwama chachikulu pamwamba pa kabati. Munali zovala zopindapinda kale.

"Madzi akalowanso, mwanangu, tisamuka," anatero amayi.

Tsiku lililonse Kadontho ankayang'ana chikwamacho. Chikwama nacho chinkamuyang'ana.

Amayi ankachapa zovala kuchipatala. Ankachoka m'mawa. Ankabwera madzulo. Kadontho akaweruka kusukulu, ankakhala yekha. Ankadya yekha. Ankasewera yekha.

Ankajambula njira zokhotakhota padothi. Kenako ankafufuza potulukira ndi kamtengo. Masewerawa amakoma mukakhala awiri. Wina amajambula, wina amafufuza. Ukakhala wekha, yankho umalidziwa kale.

Kunkatentha kwambiri. Agalu ankagona malilime ali kunja. Madzulo mitambo inkasonkhana. Kadontho anali ndi funso. Kodi madzi angaletsedwe? Anakwera msewu kukafunsa akuluakulu.

Anayamba ndi bambo ometa tsitsi. Wailesi yawo inkalankhula pawindo. Inkanena za kusintha kwa nyengo. Inkati dziko likutentha. Inkati mvula izigwa yamphamvu.

Ometa anapukusa mutu. Anati zinthu zinaonongeka kale. Anati palibe chochita.

"Madzi akatayika saoleka, mwanawe," anatero. "Ine ndimadandaula. Koma mumsewu muno ndimadandaula ndekha."

Pakhomo pawo panali kakhoma ka njerwa. Kanali kotchinga madzi. Kadontho anakalumpha potuluka.

Kenako anapita kwa mayi atelala. Phazi lawo linali pamakina. Makina ankati tetetete. Atelala anati vuto ndi utsi wa mafakitale akutali. Anati akonze omwe anaononga.

"Ine ndimasoka madiresi, sindisoka mitambo," anatero. "Mvula ikamagwa, mtima umakhala m'mwamba. Koma anzangawa alibe nazo ntchito. Ndili ndekha."

Pakhomo pawo panalinso kakhoma ka njerwa. Kadontho anakalumpha potuluka.

Pomaliza anapita kugolosale. A golosale anaseka mpaka mimba kugwedezeka. Anati nyengo sinasinthe. Anati anthu amangoiwala mvula yakale. Anati mvula ndi mvula basi.

Koma kakhoma kawo kanali kakatali kuposa tonse. Kadontho anachita kukwera ndi mawondo. Shuga ndi mchere zinali pashelefu ya pamwamba zedi.

"Amalume, bwanji shuga mwamukweza chonchi?" anafunsa Kadontho.

"Nyerere," anatero a golosale.

Kadontho ankadziwa kuti nyerere zimakwera. Iye akutuluka, a golosale analankhula chapansipansi.

"Nanga nditati ndide nkhawa, angandithandize ndani? Aliyense amasamala khomo lake. Ndili ndekha."

Kadontho anabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde. Anaganiza, anaganiza. Ometa anali okha. Atelala anali okha. A golosale anali okha. Iyenso anali yekha. Kodi anthu ambiri chonchi angakhale bwanji okha, mumsewu umodzi?

Mawa lake kunawaza mvula pang'ono. Timadzi tinkayenda mumsewu. Kadontho anatola chitsekerero cha botolo. Anakwera nacho kumtunda. Anachiika pamadzi. Anachitsatira.

Chitsekerero chinagunda kakhoma ka ometa. Chinakhota. Chinagunda kakhoma ka atelala. Chinakhota. Chinagunda kakhoma ka a golosale. Chinakhotanso. Chinadutsa chitseko cha loko. Chinakaima pakhomo pa Kadontho.

Kadontho anatsegula maso. Msewu wonse unali njira yokhotakhota. Potulukira pake panali pakhomo pawo.

Koma m'mbali mwa msewu munali ngalande. Bwanji madzi sankadutsa mmenemo? Kadontho anasuzumira. Ngalande inali yogumuka. Munadzaza dothi. Munadzaza majumbo. Njerwa za m'mbali mwake munalibe.

Munatsala njerwa imodzi yokha. Inali yofiira. M'mphepete mwake munali utoto woyera.

Kadontho anaiyang'anitsitsa. Utoto umenewu anauonapo. Anauona pakakhoma ka ometa. Anauona pakakhoma ka atelala. Anauona pakakhoma ka a golosale. Anathamangira kunyumba. Pakhomo pawo panalinso kakhoma. Njerwa zake zinali ndi utoto woyera.

Madzulo anafunsa amayi. Amayi anavula nsapato. Anatikita mapazi. Anati njerwazo zinachokera m'ngalande. Anati anangotenga zochepa. Anati aliyense ankatenga zochepa.

"Bwanji tikazibweze, amayi?"

"Tikabweza tokha, khomo lathu likhala poyera," anatero amayi. "Madzi adzayambira ife. Enawo sangabweze."

Kadontho anakweranso msewu. Anafunsa aliyense funso limodzi. Kodi ena akabweza njerwa, inu mudzabweza?

Ometa anati eya, koma atelala sangabweze. Atelala anati eya, koma a golosale sangabweze. A golosale anati eya, koma ometa sangabweze.

Yankho linazungulira msewu wonse. Linabwerera pomwe linayambira.

"Onse avomera, amayi," anatero Kadontho. "Koma aliyense akudikira mnzake."

Amayi anaimirira. Anayang'ana chikwama. Anayang'ana kakhoma. Anayang'ana Kadontho.

"Tenga imodzi," anatero. "Tione."

Linali tsiku lopuma. Kadontho ananyamula njerwa. Inali yolemera. Anaikumbatira ngati mwana. Anakwera nayo msewu. Dzuwa linkaotcha pakhosi.

Ometa anamuona. Sanatuluke. Atelala anamuona. Sanatuluke. A golosale anamuona. Anayamba kupukuta sikelo.

Kadontho anaika njerwa m'ngalande. Anaiika pafupi ndi inzake ija. Tsopano zinali ziwiri. Ngalande inali yaitali. Njerwazo zinkaoneka zazing'ono. Kadontho anamva misozi ikubwera. Anali yekha ngati kale.

Anatembenuka kuti azipita kwawo. Anaona amayi akukwera msewu. Anasenza beseni lochapira. M'besenimo munali njerwa. Awiriwo anayamba kututa pamodzi.

Anakwera, anatsika. Anakwera, anatsika. Kakhoma ka kwa Kadontho kanatha. Khomo lawo linakhala poyera. Kutali kunagunda bingu.

Atelala anaimitsa makina. Anatulukira pakhomo.

"Anzanga, mutu ukuyenda bwino?" anafunsa. "Mvula ili pafupi, inu mukuchotsa khoma?"

"Tikubweza zomwe tinabwereka," anatero amayi.

Atelala anayang'ana khomo lopanda kakhoma lija. Anayang'ana manja a Kadontho. Anali ofiira ndi fumbi la njerwa. Atelala anavula tepi m'khosi. Anawerama. Anazula njerwa pakhomo pawo.

Ometa anatuluka, lumo lili m'thumba.

"Sizithandiza izi," anatero. Ananyamula njerwa. "Ndakuuzani, sizithandiza." Ananyamula ina.

Pampando pawo panali bambo wina. Anali atametedwa mbali imodzi yokha. Anadikira, anadikira. Kenako naye anatuluka. Anali mmisiri womanga nyumba. Anati njerwa saziika chisawawa. Anapempha chingwe ndi fosholo.

A golosale anabwera ndi wilibala. Munali thumba la simenti. Anati thumbalo linkangowatsekera malo.

"Nyengo sinasinthe ayi," anatero. "Ndikungowongola msana."

"Wongolani, achimwene," anatero atelala. "Msanawo unapindika ndi kukweza shuga."

Onse anaseka. A golosale nawo anaseka.

Anachotsa dothi. Anachotsa majumbo. Mmisiri anayala njerwa. Utoto woyera unalumikizana. Unakhala mzere umodzi wautali.

Fosholo ya ometa inakola kanthu m'matope. Anakakweza m'mwamba. Inali nsapato yaing'ono.

"Yanga!" anatero Kadontho.

Anaitsuka. Anaiyesa. Sinalowe. Phazi linali litakula.

Panapita masiku. Simenti inauma. Mitambo inkada, kenako n'kubalalika. Makomo onse anali poyera. Aliyense ankayang'ana kumwamba. Chikwama chinali chikadali pakabati.

Tsiku lina masana mphepo inazizira. Mvula inayamba. Inali yaikulu. Inkamenya malata ngati miyala. Anthu anabisala pakhonde la golosale. Kadontho anagwira dzanja la amayi. Analigwira mwamphamvu.

Madzi anatsika kuchokera kumtunda. Anali ambiri. Anali ofiira. Anafika pamsewu. Anapeza ngalande. Analowa.

Kadontho anathamangira kumtunda. Anaponya chitsekerero chija m'ngalande. Sichinakhote. Chinadutsa kwa ometa. Chinadutsa kwa atelala. Chinadutsa kugolosale. Chinadutsa kwa Kadontho. Chinapita.

Ngalande inadzaza mpaka pakamwa. Timadzi tina tinasefukira. Tinakwawa kulowera kunyumba ya Kadontho. Timadzi tinafika pakhonde. Tinanyambita sitepe. Tinaima pompo. Kenako mvula inachepa. Timadzi tinabwerera.

"Lero aodira," anatero Kadontho. "Koma sitinawayankhe."

Ometa anati dziko likutenthabe. Atelala anati utsi wa mafakitale ukadalipo. Zonsezi zinali zoona. A golosale sananene kuti mvula ndi mvula. Anangofunsa kuti majumbo adzachotsanso liti. Anagwirizana kuti azichotsa pamodzi. Mmisiri anati kumtunda kukufunika mitengo. Ometa anati sizithandiza. Kenako anafunsa kuti mbande zimapezeka kuti.

Madzulo amayi anakwera pampando. Anatsitsa chikwama pakabati. Anachitsegula. Anatulutsa zovala. Kadontho anaziika m'kabati. Nsapato ziwiri zija anaziika pawindo. Sizinkamukwana. Koma zinali pamodzi.

Amayi anatenga pepala ndi pensulo. Anajambula njira yokhotakhota. Anaikhotetsa, anaikhotetsa. Anabisa potulukira ndi chala.

"Fufuza, mwanangu," anatero amayi.

Kadontho anatsamira paphewa la amayi. Anayamba kufufuza. Anasochera. Anabwerera. Anasocheranso. Anaseka.

Yankho sankalidziwa.