Chotsekera Chokana Kutseka

Nthawi inali 2:10 masana, Lolemba, pamene Mayi Inspekitala anatsika galimoto pabwalo la sukulu ya sekondale ya kuseri kwa msika. Ana anali pa tchuthi, bwalo lili zii. Kupolisi mayiwa ankawatchula kuti Sindithamanga, chifukwa pa zaka makumi awiri ndi zisanu za ntchito palibe anawaonapo akuthamanga, ngakhale mvula iwapeze panjira. Sajeni Ndevu, amene anayenda nawo theka la zaka zimenezo, anali atafika kale pakhomo la ofesi ya ahedi, ali wefuwefu.

"Mwafulumira, Sajeni. Malemu mwawapeza asanachoke?"

"Alipo, mayi. Akudikira inu."

Ahedi anali chafufumimba pakati pa desiki ndi kabati ya mabuku, bala limodzi kuseri kwa khutu. Pambali pawo panali belu la mkuwa loitanira ana, chogwirira chake chopukutidwa bwinobwino. Dokotala anati imfa inachitika pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko. Foni ndi wotchi zinali pomwepo, choncho sinali ntchito ya wakuba.

Pa desiki panali cholembera chakuda cha mlomo wagolide, cha mtundu uja umamwetsa inki ya m'botolo. Chinali chotsegula, chotsekera chake chili poteropo. Mayi Inspekitala anavala magolovesi kuti achitseke asanachiike m'kathumba ka umboni. Chotsekeracho chinalowa, n'kuima panjira. Anayesanso mofatsa. Chinakana.

"Kankhani mwamphamvu, mayi," anatero Sajeni.

"Chinthu chikakana umachifunsa chifukwa, Sajeni. N'chifukwa chake ine ndidakali pabanja loyamba, inu lachitatu."

Mayi wosesa, amene anapeza mtembo 1:35, anali pakhonde, tsache lili pamiyendo. Anati m'mawa wonse anali kukolopa makalasi a kumapeto. Cha m'ma 11 anamva bambo wina wogulitsa nyama akukalipa mu ofesimo chifukwa mwana wake amubwerezetsa kalasi.

"Anatuluka akuti, 'Mudzandiona.' Koma 11:20 ahedi anali moyo. Anaima pakhonde pano n'kundikuwira kuti ndasiya zenera la fumbi."

"Anali munthu wotani?"

"Akufa sitiwanena, mayi. Koma poti lafunsa ndi boma, anali wokonda kuchonga. Bambo akunyumba atamwalira ndinawalembera kalata yopempha masiku. Anandibwezera atakonza malo anayi."

Wogulitsa nyama anamuika m'chipinda chofunsiramo 4:30. Chinali chimunthu chodzaza mpando, tsaya lotupa. Anavomera kuti anakalipa.

"Ndinatidi mudzandiona. Iwo anati mawu oyenera ndi akuti tidzaonana. Munthu wotere ungakangane naye? Ndinangotuluka."

"Kuyambira 11:30 mpaka 1 koloko munali kuti?"

Bamboyo anayasama n'kuloza mpata wofiira kumapeto kwa mano. Dokotala wa mano anatsimikiza pafoni kuti munthuyo anali pampando wake kuyambira 11:30 mpaka 2 koloko, ndipo analira kuposa ana onse a tsikulo. Anamumasula.

Wotsala anali wachiwiri kwa ahedi, amene aliyense ankangomutchula kuti Achiwiri. Anabwera yekha kupolisi 5:15, bambo woonda waulemu, maso ofiira. Anati tsiku lonse anali kunyumba akuchonga mayeso, akazi awo ali kuntchito, ndipo ahedi anawaona komaliza Lachisanu.

"Tinaphunzira limodzi kukoleji. Ndagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anatero, akupukuta magalasi.

Sajeni anamuperekeza mpaka pageti, n'kubwera atagwidwa chifundo. "Amene uja ngakhale udzudzu amaupepesa asanaumenye."

Mayi Inspekitala anali akuyang'ana kathumba ka cholembera chija.

Lachiwiri, 8 koloko m'mawa, anali pakashopu ka mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, wokonza mawotchi ndi zolembera. Kashopuko kanali kopanikiza, tebulo lodzaza timabotolo ta timasikuluwu, mawotchi khumi ndi awiri pakhoma, iliyonse ndi nthawi yake.

"Alamu, mwabwera kudzandimanga kapena achimwene aonongetsanso wotchi?"

"Kukumangani ndikusungira tsiku lomwe ndilibe chochita. Taonani ichi. A zidindo za zala athana nacho, mutha kuchigwira."

Mlamuyo anaika kagalasi kudiso, n'kuseka. "Ichi ndi cha ahedi a kusekondale. Chinapita m'manja mwanga chaka chatha. Anachigwetsa pasimenti, mlomo n'kupindika ngati wa nkhuku. Mlomo wa mtundu wake sukupezekanso, ndiye ndinaikapo wa cholembera china, wotalikirapo pang'ono."

"Ndiye n'chifukwa chake sichikutseka?"

"Alamu, mukunyoza ntchito yanga m'mawa uno? Chinachoka pano chikutseka. Khalani pansi muphunzire."

Anayala kansalu koyera. Anagwira chotsekeracho ndi kachidutswa ka labala n'kupotokola kamutu kake mpaka kanamasuka. Kachitsulo kokolowekera m'thumba kanagwera pansalu. Kenako analowetsa kawaya kokhota kunsonga, n'kukoka pang'onopang'ono, ndipo munatuluka kachipewa kakuda, kochepa ngati nsonga ya chala cha mwana.

"Anthu amayesa chotsekera ndi chimphanga chabe. Ntchito yonse amagwira ndi aka. Mukatseka, mlomo umalowa umu, khosi la cholembera limatsamira pamphepetepa, mphepo osalowa, inki osauma. Tsono mlomo wa ahedi utatalika unayamba kugunda kudenga. Ndinaboola kachipewako kumutu, n'kukuza bowolo ndi katupa, kuti mlomo upeze malo, ndipo ndinamata ndi kalabala kopyapyala. Ndinapalanso mphepete kuti igwirizane ndi khosi latsopano."

Anakweza kachipewako pa kuwala kwa pazenera, n'kukatembenuza kawiri. Kuseka kuja kunatha.

"Aka sindinakagwirepo. Palibe bowo, palibe mkwaso wa tupa. Alamu, cholemberachi ndi cha ahedi, koma chotsekerachi ndi cha wina."

"Nanga winayo, amene watenga chotsekera chanu chija, chimuchitikira n'chiyani?"

"Chitseka bwinobwino, sazindikira kanthu. Koma mphepete ndinaipala, ndiye pa cholembera cha khosi lakale pasiya mpata. Mphepo izilowa. Pofika lero mlomo wauma gwa. Azichikutumula, ndipo chizimulavulira."

Mayi Inspekitala anaimirira. Mlamuyo anawakumbutsa kuti mphunzitsi amamuthokoza, iwo n'kumuuza kuti akonze kaye mawotchi a pakhomawo agwirizane.

Anadzera kusukulu kukafunsa ngati pali wina amene ali ndi cholembera chotere. Mayi wosesa sanaganize kawiri. "Chofanana ndi chimenecho ali nacho Achiwiri. Akuti anapatsidwa onse awiri kukoleji, atapambana mofanana. Koma iwo chawo sachitulutsa wamba. Ndinachiona paukwati wa mwana wawo basi."

Pa 11:40 Achiwiri analinso m'chipinda chofunsiramo. Mayi Inspekitala anali atawaimbira kuti abwere ndi cholembera chawo cha kukoleji, ati pongofuna kuyerekeza ndi cha malemu. Anawaikira pepala la zomwe ananena dzulo lake.

"Tangosainani apa, bambo. Sainani ndi chanucho, tione mmene zolembera za anthu ophunzira zimayendera."

Achiwiri anatsegula, n'kuika mlomo papepala. Unangokanda. Anayesanso. Anachikutumula kamodzi, kawiri, ndipo dontho lalikulu linagwera pamkono wa malaya awo oyera.

"Sichinachitepo zimenezi," anatero motsitsa mawu.

"Chakwiya ndi chipewa chobwereka. Tandibwerekeni chotsekeracho."

Sajeni Ndevu anayala kansalu monga anamulangizira. Mayi Inspekitala anapotokola kamutu, kachitsulo n'kugwa, ndipo ndi kawaya kobwereka kwa mlamu wawo anakoka kachipewa. Kanali ndi bowo kumutu, lomatidwa ndi kalabala, mphepete yake yoyera ndi mikwaso ya tupa. Kenako anatulutsa cholembera cha ahedi, n'kumanganso chotsekeracho, n'kuchiveka. Chinalowa mpaka kumapeto, n'kulira kuti the.

"Lolemba m'mawa ahedi analemba nacho m'buku la alendo, tsiku ndi nthawi zilipo," anatero Mayi Inspekitala. "Chotsekera chawo chinafika bwanji m'thumba mwanu, inu mutawaona komaliza Lachisanu?"

Achiwiri anavula magalasi. Anayang'ana dontho lija pamkono.

"Ndinalowera kugeti la kumbuyo, cha m'ma 12," anayamba. "Kuli sukulu yatsopano ikufuna hedi. Makalata amatseka Lachitatu, ndipo pamafunika siginecha ya ahedi anga. Kasanu konse m'mbuyomu ndakhala ndikuwapempha. Kawiri koyamba anati atumiza, kenako ankangoti chaka chamawa, Achiwiri, chaka chamawa. Ine zaka zopumira ntchito zatsala zitatu."

"Pitirizani."

"Ndinatenga cholembera changa dala, kuti akachiona akumbukire kuti tinayambira pamodzi. Ndinachitsegula n'kuwaikira pambali pa kalatayo. Anachikankhira kumbali, n'kutsegula chawo. Mtima wanga unati lero zatheka. Koma anayamba kuchonga. Apa mpumiro, apa chilembo chachikulu. Atafika pansi, posainira paja, analembapo zisanu ndi chimodzi pa khumi, n'kundibwezera akuseka."

Sajeni anasiya kulemba.

"Ndinawafunsa kuti bwanji, mnzanga. Anati, 'Ukachoka, ntchito yanga azigwira ndani?' Anandiuzanso kuti makalata awiri oyamba aja, amene ndinkayesa kuti anatumiza, ali m'kabatimo mpaka lero. Anatembenuka kuti andionetse. Belu linali pa desiki."

Anaika magalasi patebulo.

"Ndinapukuta belulo, ndinatenga kalata yanga, cholembera changa, ndi chotsekera chomwe chinali pafupi. Kalatayo ili m'thumba la jekete ili. Ndinalephera kuing'amba."

Anaitulutsa n'kuiyala patebulo. Inki ya ahedi inali mzere uliwonse. Mayi Inspekitala anaiwerenga yonse mpaka pansi. Inali kalata yabwino, ndipo anaona kuti pa malo awiri olakwa anali wochongayo. Sananene. Zikanangowonjezera munthu chisoni, ndipo mlandu unali womwewo.

"Bambo, ndikukumangani pa mlandu wopha munthu. Zomwe mwanenazi Sajeni walemba. Muwerenge, ngati zili momwemo musaine."

Sajeni Ndevu anapereka mapepala atatu a zolemba zake zokhotakhota, pamodzi ndi bolopeni yake yotafunidwa kumapeto. Achiwiri anavalanso magalasi n'kuwerenga mofatsa, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Patsamba lachiwiri chalacho chinaima.

"Apa mwalemba kuti beru, ndipo apa pakusowa..."

Anaima. Anayang'ana Sajeni, amene anali atayamba kale kuchita manyazi ngati mwana wa sitandade wani.

"Ayi, zisiyeni choncho," anatero Achiwiri. "Zikumveka."

Ndipo anasaina.