Malamba a Galimoto Nambala 44

Mtembo wa Jerome Chipanda unapezeka Lachinayi nthawi ya 7:10 m'mawa, m'galaja yake kuseri kwa South B, mumzinda wa Nairobi. Unali utakhala pampando wa dalaivala m'galimoto ya mpikisano nambala 44, mutu utapendekera kumanzere, malamba onse atamangidwa. Injini inali italira mpaka petulo kutha, ndipo fungo la utsi linali lisanachoke pamene mlonda ankatsegula chitseko.

Inspekitala Griffin Namate anafika 8:25. Anali wapolisi wa ku Malawi, zaka 26 pantchito, ndipo ku Nairobi anabwerera milandu ya magalimoto obedwa odutsa m'malire. Zakupha sizinali zake kuno. Koma womwalirayo anali Mmalawi, ndipo Mmalawi angayankhule Chingerezi chotani, akakwiya kapena akalira amabwerera ku Chichewa. N'chifukwa chake mwini mlanduwo, Inspekitala Lenah Mwikali wa polisi ya ku Kenya, anamuitana.

Namate anazungulira galimotoyo kufuna chotsegulira chitseko. Sanachipeze.

“Zitseko zake n'zowotcherera,” anatero Lenah. “Amalowera pawindo. Akalowa, amatchinga windolo ndi ukonde uwu.”

“Unali wotchinga pamene mlonda amafika?”

“Wotchinga.”

Namate anajambula mtembowo ndi foni yake, kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, kenako anatembenukira kukhoma. Moyo wonse wa Jerome unali pamenepo, m'zithunzi ndi zikho. Anachoka ku Ndirande mu 1996 kudzayendetsa galimoto ya bungwe lina la mpingo. Lamlungu akaweruka ku Misa ankapita kubwalo la fumbi kupitirira Syokimau, komwe anthu amapikisana pa magalimoto wamba owachotsa mipando ndi kuwalimbitsa ndi zitsulo. Anayamba ndi chiphapha chogula kwa wansembe. Anawina zikho zisanu, chomaliza mu 2021, ndipo pofika nthawi imeneyo anali ndi timu yakeyake ya magalimoto atatu. Lamlungu likubwerali anafuna kupikisana komaliza, kenako apume.

Dotolo sanachedwe. Jerome anamenyedwa ndi chitsulo pamwamba pa khutu la kumanja, ndipo utsi unangomalizitsa. Anafa Lachitatu pakati pa 5 ndi 6 koloko madzulo.

Mlonda anali munthu wolemba chilichonse m'buku. Lawson Mbendera, makaniko wamkulu wa timuyo, anatuluka pageti 3 koloko. Upile, mwana wamkazi wa Jerome, amenenso anali dalaivala wa timuyo, analowa 4:05. Kunamveka kukalipirana, ndipo anatuluka 4:30 atamenyetsa chitseko. Injini inalira 5:15. Mlondayo sanadabwe, chifukwa pagalaja injini imalira ngati tambala pakhomo.

“Kuli chitseko cha kumbuyo chotulukira m'kanjira,” anatero Lenah. “Makiyi ake ndi atatu: a malemu, a Lawson, a Upile. Lawson wagwira ntchito ndi malemu zaka 22 osakangana naye. Upile anakangana naye dzulo.”

Pofika 11 koloko Upile anali m'chitokosi. Lamulo la ku Kenya silidikira: womangidwa ayenera kuonekera kukhoti asanathe maola 24. Lachisanu 9 koloko m'mawa, mtsikana wa zaka 27 anali woti akayankhe mlandu wopha bambo ake.

Namate anamufunsa 11:40, m'chipinda chokhala ndi tebulo limodzi ndi mipando itatu.

“Munakanganirana chiyani ndi bambo anu?”

“Anandichotsa pa mpikisano wa Lamlungu. Popanda chifukwa. Chaka chonse ndakhala wachiwiri, ndiye azindiuza kuti ndikhale pansi ndizionerera?”

“Inu munawauza chiyani?”

Upile anayang'ana pansi. “Ndinati mudzafera m'galimoto imeneyo, ine ndikuonerera.”

“Mutachoka munapita kuti?”

“Ndinangoyendetsa. Mombasa Road, kubwerera, kupitanso. Palibe anandiona.”

Namate anamva chisoni. Munthu wolakwa amabwera ndi nkhani yosokedwa bwino, koma uyu ankadzikumbira yekha dzenje.

“Nanga bambo anu anayankha chiyani?”

“Anati safuna kuika m'manda mwana wina.”

“Wina? Woyamba ndani?”

“Chikumbutso, mwana wa ankolo Lawson. Ankayendetsa galimoto yathu yachiwiri. Anafa mu 2021, tsiku lomwe adadi anawina chikho. Tayirodi, kachitsulo kolumikiza chiwongolero ku tayala, inaduka pakona. Ankolo mpaka lero amati analakwitsa ndi iwo, sanaiyang'ane bwino. Akazi awo anabwerera ku Zomba chifukwa cha zomwezo.”

Panali munthu wina woti amuone. Mwezi wathawo Jerome anakankhira kukhoma mpikisani mnzake, John Karanja, ndipo Karanja analumbira pamaso pa anthu kuti adzamuonetsa. Namate ndi Lenah anafika kunyumba kwake ku Runda 1:30. Anamupeza pakhonde, mwendo uli m'chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi. Lachitatu madzulo anali kuchipatala, ndipo mapepala analipo.

“Jerome ndinkadana naye pabwalo pokha,” anatero Karanja. “Ndamva kuti amupeza atamangidwa malamba. Ndiye kuti sanali yekha. Malamba aja sudzimangirira wekha. Ukakhala pampando manja sakoka bwino. Dalaivala aliyense ali ndi munthu wake womukokera, ndipo sasintha. Ine wanga akadwala sindipikisana.”

“N'zimene ndikunena,” anatero Lenah ali m'galimoto. “Mtsikanayo anamumanga kuti asatuluke.”

Namate sanatsutse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapempha kuti adzere kugalaja, ndipo kumeneko anaima pakhoma paja mphindi makumi awiri, foni ili m'manja. Pa chithunzi cha mtembo, nsonga zotsala za malamba a m'mapewa sizinali kulendewera. Zinapindidwa katatu n'kulowetsedwa pansi pa lamba. Pa zithunzi za pakhoma zinali chimodzimodzi, kwa Jerome, kwa Upile, ngakhale kwa malemu Chikumbutso. Madalaivala a matimu ena amene ankaoneka m'mbali, nsonga zawo zinkangolendewera pachifuwa.

“Wopha munthu ali ndi nthawi yopinda malamba?” anafunsa.

“Upile wakulira pano. Akhoza kupinda nayenso.”

“Tiyeni tikaone.”

Ananyamula mpando wapadera umene unali pakona, ndi malamba ake omwe, n'kupita nawo kupolisi. Nthawi ya 3:20 Lenah anakhalapo, ndipo Upile anauzidwa kuti amumange malambawo. Anasokoneza lamba wa m'chiuno ndi wa m'mapewa, anayambiranso, anakoka, n'kusiya nsonga zili lende.

“Sindinamangepo munthu,” anatero. “Ine amandimanga.”

“Ndani?”

“Ankolo Lawson. Tonse.”

Lawson Mbendera anafika kugalaja 4:40, atamuitanitsa pafoni. Anali wamfupi, waimvi, wa manja aakulu osweka ndi girizi. Anapereka moni ndi manja awiri.

“Mwaswera bwanji, bwana?”

“Ndaswera, kaya inu, a Mbendera. Pepani ndi zovutazi. Ndikufuna mundithandize. Ine zamipikisanozi sindizidziwa, ndiye ndikufuna ndione mmene munthu amakhalira m'kati.”

Kulowa kwake kunali nkhani. Namate anali ndi mimba ya munthu amene wakhala nthawi yaitali mu ofesi, ndipo windo la galimoto ya Upile silinapangidwire anthu otero. Analowetsa mwendo, anakanirira, batani linathothoka, mpaka Lenah anayang'ana kumbali kuti asaseke. Atakhala pansi, Lawson anawerama pawindo. Manja ake ankayenda okha, maso ali kwina. Anamanga wa m'chiuno, anakoka wa kumanzere, wa kumanja, mpaka Namate anasowa mpweya. Kenako anapinda nsonga iliyonse katatu, anailowetsa pansi pa lamba, n'kutchinga ukonde.

“Mumapindiranji chonchi?” anafunsa Namate ali m'katimo.

“Mu 2009 galimoto inayaka. Nsonga ya lamba inakola pa giya, a Chipanda anatsala pang'ono kupsera momwemo. Kuyambira pamenepo ndimapinda.”

“Pali wina amene amapinda?”

“Palibe, bwana. Anthu amandiseka nazo.”

Namate anatulutsa foni pakati pa ukondewo, chithunzi cha mtembo chili poonekera.

“Upile anasiya bambo ake 4:30 akuyenda ndi miyendo yawo. Inu mukuti munachoka 3 koloko. Anawapindira ndani awa?”

Lawson anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

“A Mbendera, mawa 9 koloko Upile akukaima kukhoti. Mlandu wopha bambo ake. Alibe mboni, ndipo pakamwa pake pamugulitsa kale. Akalowa m'ndende, adzatuluka ali nkhalamba.”

Makanikoyo anatsegula ukonde, anamasula malamba, anathandiza Namate kutuluka. Kenako anakhala pa tayala.

“Mwana ameneyo ndinamuphunzitsa kuyendetsa ndine,” anatero. “Mutulutseni.”

Zotsalazo anazinena kupolisi, 5:50, Lenah akulemba, Namate akumasulira.

“Anandiimbira foni ndili pasiteshoni, ndikudikira sitima ya ku Syokimau. Akuti bwerera, udzere kumbuyo, tiyankhule awiri. Ndinawapeza atakhala mu 44, opanda chipewa. Ankakonda kukhala mmenemo akafuna kuganiza. Akuti Lawson, Lamlungu ndikusiya, ndipo abambo mfumu andiuza kuti ndisasiye ndisanakuuze.”

“Akuuzeni chiyani?”

“Za tayirodi,” anatero Lawson. “Tsiku lija m'mawa, ine nditapita kukatenga matayala, anaona kuti tayirodi ya 44 yachita mng'alu. Ina panalibe. Chikho chinali pamphuno. Anamasula ya galimoto ya Chikumbutso n'kuika pa yawo, yong'alukayo n'kuika kwa mwana wanga. Akuti ankaganiza kuti ipirira, poti mwanayo sankathamanga kwambiri.”

Lenah anasiya kulemba, kenako anapitiriza.

“Zaka zonsezi, bwana, ndakhala ndikudziwa kuti mwana wanga ndinamupha ndine. Mayi ake anandiuza pamanda, ine ndinavomera. A Chipanda anandigwira paphewa pamaliropo, akuti usadziimbe mlandu, Lawson, ndi ngozi. Ananyamula nawo bokosi. Lamlungu lililonse ine n'kumawakokera malamba kuti asavulale.”

“Ndiye munatani?”

“Anati ndikhululukire. Sipanala inali pa denga la galimoto. Ndinamenya kamodzi.”

“Injini analiza ndani?”

“Ine. Ndinatseka zitseko za galaja. Ndinkafuna zioneke ngati utsi wawapeza ali m'tulo.”

“Nanga malamba? Munthu wogona samangidwa malamba.”

Lawson anayang'ana manja ake ngati a munthu wina.

“Sindikukumbuka n'komwe. Ndinaona munthu ali pampando, mutu ukugwera kumbali. Zaka 22 sindinawasiyepo pampando umenewo osamanga.”

“Mutamva kuti Upile wamangidwa, bwanji simunabwere?”

“Ndinamva 12 koloko. Ndinati nawonso alawe, mwana wawo apite ngati wanga.” Anapukusa mutu. “Maganizo amenewo ndakhala nawo maola anayi. Mulembe zimenezonso.”

Lenah analemba. Lawson anasaina tsamba lililonse mosamala, ndipo wapolisi anamutengera m'chipinda choyandikana nacho. Namate sanasangalale. Mlandu unali utatha bwino, mwaukhondo, tsiku lomwelo, koma anaona kuti ntchito yovuta inali isanayambe.

Upile anamutulutsa 6:35. Anamubwezera foni, wotchi ndi zingwe za nsapato. Anakhala pabenchi akulowetsa zingwezo.

“Ndiye kuti mwamupeza?”

“Tamupeza.”

“Karanja?”

“Ayi. Muimbire mayi anu abwere kudzakutengani.”

“Amami sangayendetse lero, alira tsiku lonse.” Anayatsa foni. “Ndiimbira ankolo Lawson. Iwo abwera pompano.”

Anadina nambala Namate asanatsegule pakamwa. Foni inayamba kulira pa tebulo la wapolisi wolandira anthu, m'kathumba ka pulasitiki ka katundu wa womangidwa. Upile anayang'ana kathumbako, kenako Namate.

“Khalani pansi, chemwali,” anatero Namate. “Ndikuuzani zonse, kuyambira za bambo anu.”