Bweza Fupa Langa

Tionenji anakumana ndi Fackson pa siteji ya minibasi ku Maramba, chaka cha 1996. Iye ankachokera kumsika kogulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamene mnyamatayo ankalephera kukwera chifukwa bondo linali litatupa ngati dzungu. Tionenji anamugwira dzanja, ndipo tsoka linayambira pomwepo.

"Dzanja lofewa chonchi lili na mwini wake?" anafunsa Fackson.

Pakamwa pa mnyamata ameneyu panali shuga, abale. Sabata isanathe, Tionenji anali atasanduka "Tio wanga", mawa lake "mpweya wanga". Ndani akanalimba?

Madokotala a ku Lusaka anapeza chotupa mkati mwa fupa, kunsi kwa bondo. Anati akachichotsa padzatsala dzenje lofunika kudzazamo tizidutswa ta fupa lina, ndipo la m'chiuno mwa Fackson lokha silikwana. Pakasowa wopereka, mwendo udulidwa.

Abale ake? Mkulu wake anadwala msana tsiku lomwelo. Mlongo wake anati mwamuna wakana.

"Tio, mwendo uyu ukapola, ulendo wake woyamba ni wa kwanu," anatero Fackson, misozi ili mbwee. "Bondo ili lizakagwada pamaso pa amalume ako."

Amayi ake a Tionenji anayesa kumuletsa. "Mwana iwe, fupa si chitenje choti ubwereke munthu."

Koma ndani anamvapo malangizo ali m'chikondi? Tionenji anakwera sitima, anakagona patebulo, anamung'amba chiuno.

Patatha chaka dokotala anati mafupa agwirana, sizikudziwikanso kuti la yani ndi liti. Fackson anataya ndodo, napeza ntchito yoyendetsa alendo ku mathithi otchuka a kwawoko. Tionenji ndiye anatsala akutsimphina, chiuno chikubaya kukangozizira. Ulendo wa kwa amalume unali wa mawa, mawa, mpaka mnyamatayo anasiya kudutsira kumsika.

Loweruka lina Tionenji anapita kudera la Highlands kukasiya diresi kwa kasitomala. Pageti la nyumba ina anaona Fackson akutuluka, ali mu suti, akutsanzikana ndi mtsikana wa panyumbapo, Mbololwa, atagwirana zala. Pabondo la thalauza, bondo lomwe lija, panali fumbi.

Tionenji anadikira kuti geti litsekedwe.

"Ba Fackson, mwagwadira ndani?"

"Tio, osapanga chongo pano, anthu angamve. Nenze kufuna kukuuza."

"Ndafunsa kuti mwagwadira ndani."

"Makolo a Mbololwa." Anapukuta fumbi lija osamuyang'ana. "Mvera, akulu ananikhazika pansi. Fupa lako lili mwa ine, ndiye kuti ndise thupi limodzi, magazi amodzi. Ndiwe mlongo wanga manje. Munthu angakwatire mlongo wake?"

Mtima wa Tionenji unaphulika ndi ukali. Ulemu wonse unathera pomwepo.

"Mlongo? Mlongo wako weniweni anali kuti pamene ankanola mipeni? Akulu akowo anali kuti? Iwe galu iwe, unkanditi mpweya wako uli chigonere, lero waimirira ndasanduka mbale?"

"Sininakukakamize, Tio."

"Bweza fupa langa."

"Wapenga? Dokotala anakamba kuti..."

"Bweza! Ndikalitaye kudzala, kusiyana n'kuti lizigwadira akazi ena."

Anaponya diresi ya kasitomala pansi, nayamba kumasula chitenje kuti msewu wonse uone chipsera. Mageti anayamba kutseguka. Mbololwa anasuzumira. Tionenji anatola mwala.

Fackson anayang'ana uku ndi uku, kenaka analiyatsa liwiro, suti ikuuluka. Tionenji anayesa kumuthamangitsa, koma atangoponda katatu chiuno chinamubaya, nakhala pansi m'fumbi, mwala uli m'manja.

Chaka chathunthu cha matenda chija anakhala akupemphera kuti tsiku lina adzamuone Fackson akuthamanga. Tsiku limeneli anamuonadi, ndipo mwendo uja sunatsimphine ngakhale pang'ono.