Zikhomo za Poloti ya a Mphepo

Pa Santhe panalibe amene sankalidziwa khomo la a Mphepo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu, ndipo iwo ndi akazi awo, mayi Modester, analera mwana wawo mmodzi yekhayo, Prosper, ndi pemphero komanso khasu. Nyumba yawo inali yanjerwa, yofolera ndi udzu. Chipinda chawo chogona chinali kumbuyo, pafupi ndi khomo lakuseri.

Zaka za makuponi a feteleza zitafika, malo pa Santhe anayamba kusowa. Aliyense ankafuna kukhala pafupi ndi msika, ndipo anthu ankamanga mothinana mpaka madenga kugundana. Komiti ya malo inakhala pansi ndi akukhonsolo n'kusintha malamulo akale. Anati poloti yokhalamo anthu isadulidwenso tizidutswa, pakati pa khoma ndi malire pazitsala mamita asanu opanda kanthu, ndipo chigafa choyanikamo fodya chisayandikire nyumba. M'ngodya za poloti iliyonse anakhomamo zikhomo za simenti.

"Mpata wonsewu ndi wa chiyani, bambo?" anafunsa Prosper. "Bwanji osamangapo tizipinda ta lendi?"

"Ndi wa moto, mwanawe," anayankha a Mphepo. "Denga la mnzako likayaka, umapulumukira mpatawo. Zikhomozi usadzazikhudze."

Prosper anagwedeza mutu, koma mtima wake unali kale kumsika. Kumeneko anali atapalana ubwenzi ndi Duncan, venda wa fodya amene ankagulanso makuponi kwa anthu anjala. Duncan anali wapakamwa potsekemera, ndipo m'thumba mwake simunkasowa masacheti a mowa. Posakhalitsa Prosper anasiya kwaya, kenako anasiya kumunda.

Mvula ili pakati, a Mphepo anagwa pakhonde, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Anawagoneka kuchipatala kuboma, ndipo mayi Modester anapita kukadikirira matenda. Duncan sanachedwe.

"Aphwanga, kuseri kwanu kukungomera chisoso," anatero. "Ine ndikusowa poika chigafa. Ndigulitseni."

"Nanga lamulo lija?"

"Lamulo lili pa chikhomo. Kodi chikhomo chili ndi mizu? Kuzula, kukhoma pena, nkhani yatha."

"Madala akabwera ndidzati chiyani?"

"Adzakupezani muli pa njinga yamoto. Ndani amakalipira mwana wochangamuka?"

M'mawa wina anthu ali kuminda, Prosper anatenga khasu. Anazula zikhomo zonse zakuseri n'kuzikhoma m'tsinde mwa khoma la bambo ake. Sabata isanathe, chigafa chachitali chinali chitaima, udzu wake utalowa pansi pa denga la nyumba. Mzati umodzi anauzika pakhomo lakuseri penipeni. Malipiro a Prosper anali njinga yamoto ija.

Makolo ake atabwera, a Mphepo ankachita kunyamulidwa, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Mayi Modester anakankha chitseko chakuseri, koma chinakana. Atazungulira n'kuona fodya ali ngundangunda m'chigafa, anakhala pansi.

"Prosper, wachita chiyani? Bambo ako sayenda. Chitachitika china muno, tiwatulutsira pati?"

"Amayi, mumakonda kulosera zoipa. Khomo lakutsogolo lilipo."

"Kabweze njingayo, mwana wanga. Ndikukupempha."

Prosper analiza njinga yake n'kuchoka, mayi ake akulankhula.

A komiti anafika tsiku lotsatira. Wapampando wawo, mayi Perpetua, anaponda dothi lofewa pamene panali chikhomo kale.

"Wasuntha izi ndani? Ameneyo tikamusiya kupolisi."

"Anandituma ndi bambo asanadwale," anatero Prosper, osaphethira n'komwe.

Onse anatembenukira kwa a Mphepo, amene anali pampando pakhonde. Mkuluyo anamuyang'ana mwana wake nthawi yaitali, misozi n'kutsika mbali imodzi ya nkhope. Sanatsutse. Munthu amene sananamepo pamaso pa mpingo analola dzina lake kuda pofuna kuti mwana asamangidwe.

A komiti analamula kuti chigafa chigwetsedwe. Duncan anagwada, nachonderera kuti adikire fodya aume, amudinde m'mabelo. Anamumvera chisoni n'kumupatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Mwezi sunathe. Linali tsiku la msika, mphepo ya mwera ikuwomba, fodya atauma kuti gwa. Mayi Modester anali atapita kukagulitsa tomato kuti apeze ya mankhwala. Wantchito wa Duncan anasonkha moto pambali pa chigafa kuti awotche mbatata, mphepo n'kunyamula lawi. Fodya anayaka ngati wathiridwa palafini, ndipo moto sunafunike kulumpha, unangoyenda kuchoka pa udzu wina kupita pa unzake.

Anthu atathamangira, denga la pabalaza linali litagwa kale n'kutseka khomo lakutsogolo. Anazungulira kuseri, koma kumeneko kunali mzati uja ndi malawi okhaokha. Ankamva a Mphepo akugogoda chitseko ndi ndodo. Amuna anayamba kugumula khoma lam'mbali ndi makasu. Pamene bowo linakwana munthu, kugogoda kunali kutasiya.

Prosper anafika pa njinga yake akununkha mowa. Anagwa m'phulusa n'kumakuwa pamaso pa anthu onse kuti zikhomo anazula yekha, bambo ake sanamutume. Duncan anali atakwera kale basi, ndipo sanaonekenso pa Santhe.

Maliro atatha, apolisi anabwera kudzamutenga Prosper. Anapempha kuti atsanzike mayi ake, amene ankamanga katundu wopatsidwa ndi amayi a chigwirizano akumpingo kuti abwerere kwawo ku Kapelula. Anagwada n'kugwira mapazi awo.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Ine ndakukhululukira," anatero mayi Modester, osamuyang'ana. "Koma amene unawanamizira aja sungawapepesenso."

Achinyamata, musaone ngati lamulo la malire ndi nkhanza, kapena mpata wosiyidwa pakati pa nyumba ndi malo otayika. Mnzanu wokugulirani mowa lero sadzakhalapo tsiku lolira. Kuba malo ndi kuba ndithu, ngakhale mwabera kholo lanu, ndipo nthawi zambiri amene amalipira ndi moyo si wakubayo ayi, koma yemwe ankamukonda.