Dalisay Abisa Masilipasi a Tatay

Mwana wamakhalidwe abwino sabisa zinthu za makolo ake. Limeneli ndi lamulo. Koma Dalisay analiphwanya pa tsiku la phwando la m'mudzi.

Dalisay anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo ake ankawaitana kuti Tatay. Tatay anali ndi matenda a mu ubongo. Manja awo ankanjenjemera. Akaimirira mofulumira, magazi sankafika bwino kumutu. M'maso munkachita mdima. Kenaka ankagwa.

Adokotala anawalangiza kuti, "Muzimwa madzi okwanira. Musanaimirire, muzigwedeza mapazi. Muziimirira pang'onopang'ono."

Madzi ankamwa ndithu. Koma mlendo akafika, ankaiwala zonse. Ankadzambatuka kuti amulonjere.

Pa tsiku la phwando, Tatay anakhala pa benchi pabwalo. Anavula masilipasi, pakuti kunkatentha. Dalisay anachita mantha. Alendo akubwera ambiri. Tatay angagwe pamaso pa anthu.

Dalisay anakankhira masilipasi kunsi kwa benchi.

"Odi kuno!" anatero mlendo woyamba.

Tatay anafuna kuimirira. Koma pabwalopo panali timiyala tolasa. Anafufuza masilipasi ndi mapazi. Phazi lina uku, lina uko. Anagwedeza, anagwedeza. Atawapeza, anaimirira pang'onopang'ono. Sanagwe.

Tatay anakhalanso pa benchi n'kuvula masilipasi. Anabwera mlendo wina. Masilipasi anasowanso. Tatay anagwedeza, anagwedeza. Sanagwe.

Anabwera a Tiya Nening, azakhali a Dalisay, atanyamula mbale ya mpunga ndi nkhumba yowotcha.

"Achimwene, mukuvina mutakhala pansi?" anafunsa a Tiya Nening. "Oimba sanafike n'komwe."

"Ndikuyeserera, achemwali," anayankha Tatay. "Masilipasi angawa amera miyendo."

Dzuwa linapendeka. Tatay analonjera alendo onse. Sanagwe ngakhale kamodzi.

Nthawi ya chakudya inakwana. A Tiya Nening anaona Puti, galu wa pakhomopo, atagona kunsi kwa benchi.

"Wakuba masilipasi ndi uyu," anatero. "Mumangeni kuseri. Fupa asalione lero."

Puti anayang'ana Dalisay. Dalisay anayang'ana pansi. Kukhala chete wina akulangidwa m'malo mwako ndi kulakwa kwakukulu. Dalisay ankadziwa zimenezi. Anaimirira pamaso pa alendo onse.

"Musamumange Puti," anatero. "Ndine ndimabisa masilipasi a Tatay. Ndimafuna kuti agwedeze mapazi asanaimirire. Ndimaopa kuti agwa. Pepani, Tatay."

Tatay anayang'ana mapazi awo. Kenaka anayamba kuseka. Alendo anaseka. A Tiya Nening anaponyera Puti fupa lalikulu.

Tatay anamukoka Dalisay ndi dzanja lawo lonjenjemera. Anamukhazika pa benchi pambali pawo.

"Ndakukhululukira, mwana wanga," anatero. "Tsono walapa? Sudzabisanso?"

Dalisay anaganiza. Mwana wamakhalidwe abwino sanama.

"Ayi, Tatay," anayankha mokweza kuti onse amve. "Mawanso ndibisa."