Mmisiri wa Usiku pa Nyumba ya Nyabanda

Chitseko chimene Marjory anachipachika mokhota madzulo, m'mawa anachipeza chitawongoka.

Anachikankha ndi chala chimodzi, chinatseguka osalira n'komwe. Anachibweza, chinalowa m'felemu ngati chinabadwira momwemo. Komatu dzulo lake chitseko chomwechi chinkakhula pansi, mwini wake n'kuchimenya ndi phewa mpaka kuchitukwana, kenaka n'kuchisiya kuti aona mawa. Tsopano pansi panali utuchi watsopano wonunkhira utomoni wa paini, ndipo puleni yake yopalira matabwa, imene anaisiya m'chidebe, inali pazenera, mpeni wake utanoledwa.

"Kaya ndiwe yani, koma dzanja uli nalo," anatero Marjory mokweza, naseka yekha m'nyumba yopanda dengayo.

Mayi ameneyu sanali woti angathawe chithunzithunzi chake. Kwawo kunali ku Dowa, koma anakwatiwa kwa a Shaba, kufupi ndi Champhira, ndipo pamudzipo ankamutcha Nyabanda. Mwamuna wake Zondwayo anapita ku Joni monga achitira amuna ambiri a ku Mzimba. Poyamba ankatumiza za simenti ndi malata, makoma a nyumba yatsopano n'kukwera mpaka pamwamba pa mazenera. Kenaka foni yake inangoti zii, ndipo anzake a kumeneko aliyense ankanena zake. Wina akanangokhala pakhonde n'kumalira. Marjory anafukula buku lakale la ukalipentala m'sutikesi ya mwamuna wake, n'kumaliwerenga madzulo pa nyali ya sola akatha kutsuka mbale, chala chili pa zithunzi. Matabwa ankagula otsala kwa oyendetsa malole a ku Chikangawa. Amuna a pamudzi ankaseka kuti mkazi ndi hamala wapi na wapi, iye n'kumawayankha kuti msomali sufunsa amene akuukhoma.

Ndiye za chitsekozo anangoti pali wina wachifundo amene akuchita manyazi kuthandiza mkazi masana.

Usiku wotsatira anadzidzimuka kutulo. Unali mwezi wa Juni, nkhungu ya ku Viphya itatsika mpaka pabwalo, kuzizira kolowa m'mafupa. Ana ake awiri anali m'tulo pambali pake m'kanyumba kakale. Anatchera khutu. Kunali chete wolemera, woti ungamve mame akudontha kuchokera ku udzu wa denga. Kenaka zinamveka, chapansipansi, mosafulumira: go, go, go. N'kuleka. Kenaka kukhulika kwa puleni pathabwa, kotalika, kosalala, kwa munthu amene sakuphunzira. Galu wawo Tayiga, amene amauwa ngakhale nalimata, sanali pakhomo pomwe amagona.

Marjory anamanga chitenje, nayatsa tochi ya foni, natuluka akukuwa. "Eee, amisiri! Dikirani ndikuthokozeni!"

Phokoso linadukiza. Atalowa m'nyumba yatsopanoyo anapeza m'zipinda mulibe munthu, mdima wokhawokha ndi nkhungu yolowera pamazenera opanda magalasi. Hamala inali pansi. Ataitola, chigwiriro chake chinali chofunda. Apa mtima wake unagunda ndithu, tisaname, koma anaiika hamalayo m'chidebe n'kukagona. M'mawa anapeza mbatata yophika imene anasiya kukhitchini itatha, makoko ake ataunjikidwa bwinobwino pa chivundikiro cha poto.

Zinapitirira choncho. Usiku wina felemu la zenera, usiku wina shelefu ya kukhitchini imene inamukanika sabata yonse. Masiku ena kunkangokhala zii. Akatuluka ndi tochi sankapeza munthu, ndipo analeka kutuluka. Anayamba kumasiya dala mbatata ndi tiyi m'fulasiki, poti wantchito sagwira ndi njala.

Koma phokoso la hamala usiku silimveka ndi khutu limodzi. Tsiku lina Marjory anapita ndi phala la apongozi ake aamuna, a McDonald Shaba. Mkuluyu anagwira ntchito zaka zambiri ku macheka a ku Chikangawa, koma tsopano mutu unali utasokonekera ndi ukalamba. Ankangokhala padzuwa tsiku lonse, maso ali patali, osazindikira ngakhale ana ake. Mwambo wa kumeneko sulola mkamwana kuyandikira apongozi aamuna, kuwakhudza ndiye n'kosayamba. Choncho Marjory anagwada patali monga mwa masiku onse, napereka mbale kwa Ellen, mkazi wa mlamu wake Yoram, amene ankasamala mkuluyo.

Ellen analandira mbale, koma sanachoke. Anayang'ana uku ndi uku, nanong'ona.

"Nyabanda, ndapota, musanene kuti mwamva kwa ine. Kumjigo anthu akuyankhula chomene."

"Akuti chiyani?"

"Akuti alamu a Zondwayo sali ku Joni. Akuti munawapha m'matsenga, mwawasandutsa ndondocha, ndiye ndi amene akukumangirani nyumba usiku. Akuti n'chifukwa chake mumawasiyira chakudya."

Marjory anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ine ndikanakhala ndi mankhwala otero, bwenzi nditayamba ndi kumubweza mwamunayo adzandithandize masana! Anthu a kuno mulibe zochita eti?"

Ellen sanaseke nawo.

Chimene chinathetsa kuseka ndi mtanda. Unali mtengo wa bulugama wautali, wolemera, woti ukagone pamwamba pa makoma n'kunyamula denga lonse. Unakhala pabwalo nthawi yaitali chifukwa Marjory ankasowa amuna oti amukwezere, ndipo aliyense amene ankamupempha ankapeza chifukwa. Usiku wina iye anagona tulo tofa nato, sanamve kanthu. Kutacha anapeza mtanda uli pamwamba, utakhala m'malo mwake, utamangidwa ndi waya mbali zonse ziwiri. Pabwalo panangotsala mzere wa udzu wofota pomwe unagona.

Anaima nthawi yaitali akuuyang'ana.

Dzuwa lisanakwere, mudzi wonse unali utauona. Yoram, mkulu wake wa Zondwayo, anabwera nkhope ili gwaa, osalonjera n'komwe.

"Mlamu, ife kuno zinthu izi sitisewera nazo. Usiku uno anyamata abisala kuseri kwa khola ndi zibonga. Tikangomva hamala tikulowa, ndipo chimene tichipeze, mbwenu tithana nacho pomwepo. Chikapezeka kuti n'chanu, mawa mukwera minibasi ya kwanu nokha. Ana ndi a kwa Shaba, ng'ombe tinapereka."

"Ana anga sindingawasiye, alamu."

"Ndiye pempherani. Ndipo usiku uno musatuluke m'nyumba."

Marjory anaphika msanga, nadyetsa ana, nawagoneka. Anayang'ana nkhope zawo ndipo mantha anamugwira, mantha enieni, osati a mizukwa koma a minibasi ya m'mawa. Ndiye anadziuza kuti ngati pali chinthu chomuchotsera ana ake, achione iye poyamba ndi maso ake. Anyamata asanafike kukhola, anazemba n'kukalowa m'nyumba yatsopano, nakhala pansi m'chipinda chamkati kuseri kwa milu ya njerwa, atafunda bulangete. Tochi sanayatse.

Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kutali pamsewu waukulu lole ya matabwa inalira pokwera chitunda, phokoso lake n'kumira m'nkhungu. Kukhola kunamveka kutsokomola kwa munthu, wina n'kumuletsa. Pamwamba pake mtanda unkaoneka ngati mzere wakuda wodula thambo lotuwa. Kenaka anamva kupuma kwa galu, ndi mapazi osavala nsapato akukhwekhwereza pa simenti, pang'onopang'ono, kuchokera kukhomo lakuseri.

Chinthucho chinalowa. Chinali chowonda, chopindika msana, chotuwa, ndipo sichinavale kanthu. Tsitsi la Marjory linaima. Chinapita molunjika pa chidebe ngati chikuona mumdima, n'kutulutsa hamala, n'kusisita thabwa ndi chikhatho monga achitira munthu pamsana pa ng'ombe yake. Kenaka chinayankhula ndi mawu olimba, m'Chichewa cha ku macheka chimene amayankhulana anthu a maboma osiyanasiyana.

"Gwira uko, Zondwayo. Usagwedeze."

Mawuwo anawadziwa. Anali a Shaba, apongozi ake, amene masana sankatha ngakhale kupempha madzi. Mutu unaiwala zonse, koma manja anali asanaiwale.

Go, go, go.

Kukhola kunamveka mapazi ambiri. Marjory anaona zonse m'kamphindi: nkhalamba yamaliseche, usiku, m'nyumba ya eni. Anyamata a zibonga sakanafunsa dzina, ndipo akanazindikira mochedwa. Ngakhale akanazindikira msanga, dzina la ufiti likanawamatirira mkuluyo mpaka kumanda, ndi iyenso pamodzi. Mwambo unkati asayandikire. Iye anadumpha milu ya njerwa, nawafunditsa apongozi akewo bulangete lake, nawamanga nalo m'chiuno ndi manja ake, khungu lawo lozizira ngati mwala wa kumtsinje. Kenaka anayatsa tochi, naiika pazenera kuti iwale nyumba yonse, nagwira mbali ina ya thabwa.

"Ndagwira, adada. Khomani."

Chitseko chinatseguka ndi chibonga. Yoram analowa patsogolo, anyamata pambuyo, ndipo onse anangoti kakasi. Mkulu uja sanawacheukire n'komwe. Anaika msomali, naumenya katatu, n'kulowa wonse mowongoka.

"Adada?" anatero Yoram, mawu atachepa ngati a mwana.

"Tsitsani zibongazo, mukuwatchingira kuwala," anatero Marjory, osasiya thabwa. "Ndondocha yanu ndi imeneyi. Ndi bambo anu, kalipentala wa ku Chikangawa. Masana mumawakhazika padzuwa ngati chimanga, ndiye usiku amabwera kuno kudzagwira ntchito yawo. Ine ndimawagwirira matabwa n'kuwaphikira mbatata. Sindinanene chifukwa cha mwambo wanu womwewu. Ngati ndalakwa kuwakhudza, nkhuku ndilipira. Koma ana anga muwasiye."

"Msomali, Zondwayo," anatero mkuluyo, atatambasula dzanja.

Marjory anawaika msomali m'manja. Mnyamata wina anaseka mwamanyazi, wina anabisa chibonga kumbuyo. Yoram anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Koma munthuyu sanali wopusa. Anakweza tochi yake pang'onopang'ono mpaka kuwala kunagwa pa mtanda.

"Nanga uwu? Adada sangaukweze okha. Ngakhale ine sindingathe."

Anyamata aja anasiya kuseka. Marjory anamuyang'ana mlamu wake m'maso osaphethira.

"Mbali inayo ndinagwira ine. Tinakoka ndi chingwe. Kapena mukufuna tiutsitse kuti ndikuonetseni?"

Yoram anayang'ana mikono ya mayiyo, yolimba ndi ntchito ya hamala, nayang'ananso bambo ake. Kaya anakhulupirira, kaya anangosankha kukhulupirira, mwini wake ndiye adziwa.

"Yewo, mlamu," anatero potsiriza. "Tinakulakwirani chomene. Nyumba ndi yanu, ana ndi anu. Anyamata, tiyeni. Ndikadzutse Ellen akonze pogona adada."

Anatuluka mmodzimmodzi, mapazi awo n'kuzimirira m'nkhungu. Marjory anapuma mpweya wautali. Wapambana. Mawa adzuka ndi ana ake, ndipo kumjigo akakamba zina.

"Tiyeni mukagone, adada," anatero mofatsa, nawagwira pamkono.

Mkuluyo anaika hamala m'chidebe. Anatembenuka namuyang'ana, ndipo maso ake anali oyera, a munthu wodziwa bwino amene akuyankhula naye.

"Yewo, Nyabanda. Wagwira bwino, mwana wanga. Koma usamayankhe ndikamaitana mwamuna wako."

Kenaka anakweza mutu kuyang'ana pa mtanda, kumapeto kwake kumene kuwala kwa tochi sikunkafika.

"Tsika, Zondwayo, kwazizira. Mapaso a denga tikhoma mawa."

Tayiga anali atakhala pansi pa malo omwewo, mphuno ili m'mwamba, mchira ukusesa utuchi uku ndi uku. Marjory anamva waya wa pa mtanda ukulira pang'ono, monga umachitira munthu akasuntha thupi. Sanayang'ane kumwamba. Anagwiritsa mkono wa apongozi ake, nawatulutsa panja, ndipo misozi imene anaikaniza kuyambira tsiku limene foni ija inaleka kulira inayamba kutsika yokha.